The Clash: Gulu Lomwe Linatha Pofuna Kubwerera Kumene Linachokera

Anthu ambiri akamva za nyimbo za chamba cha punk amaona m'maganizo mwawo anyamata a ku London a m'chaka cha 1976, tsitsi lili njo, malaya ong'ambika atalumikizidwa ndi mapini, akumenya magitala mwaukali ngakhale kuti kuyimba kwenikweni sakukudziwa. Chithunzi chimenechi si chabodza, ndipo gulu la The Clash linabadwira mommo. Koma amene amati mphamvu ya gululi inali mu ukaliwo, kapena m'kusadziwa kuyimbako, amawerenga mbiri yake chozondoka. Zaka zimene The Clash inkapanga nyimbo zomwe anthu akumverabe mpaka lero, kuyambira 1977 kufika 1982, zinali zaka zimene anthu anayi osiyana makutu ankakokana m'situdiyo, aliyense akukokera nyimbo kumene iye anakulira. Punk inangowatsegulira chitseko. Chimene chinkabala nyimbo zawo ndi kusagwirizana kwawo komweko, ndipo pamene awiri mwa anayiwo anachotsedwa kuti pakhale mtendere ndiponso kuti gulu libwerere ku punk yeniyeni, chinatsala ndi dzina lokha.

Amene ankaima kutsogolo anali Joe Strummer, yemwe dzina lake lobadwa nalo linali John Graham Mellor. Anabadwira ku Ankara m'dziko la Turkey mu 1952. Bambo ake ankagwira ntchito m'maofesi a akazembe a Britain, choncho ubwana wake unathera ku Cairo, Mexico City ndi Bonn, mpaka pamene anakamusiya pa sukulu yogonera ku Surrey ku Britain ali ndi zaka 9. Makolo ake anapitiriza kusamutsidwa, ndipo limodzi mwa mayiko amene bambowo anagwirako ntchito m'zaka za m'ma 1960 ndi Malawi. Pofika 1974 mwana wa m'banja lolemekezekali ankagona m'nyumba yosiyidwa pa 101 Walterton Road ku London, yomwe iye ndi anzake analowamo popanda chilolezo, ndipo ankayimba rock and roll yakale m'mabala ndi gulu la The 101ers. Anali wamanzere koma gitala anaiphunzira ngati wamanja, chinthu chimene iye mwini ankati chinamulepheretsa kukhala katswiri wa zingwe. Chimene ankatha ndi kumenya zingwe zonse pamodzi mwamphamvu, mwendo ukugunda pansi, mawu akutuluka osasa. Mu Epulo 1976 gulu la Sex Pistols linayimba lisanafike lake pa malo otchedwa Nashville Rooms, ndipo Strummer anachoka pamenepo atatsimikiza kuti zimene iye ankayimba zatha ntchito.

Mick Jones, wobadwa mu 1955, analeredwa ndi agogo ake aakazi ndipo ankakhala nawo m'nyumba yosanja ya khonsolo yoyang'anizana ndi msewu waukulu wa Westway. Uyu anali wokonda nyimbo wodzipereka, yemwe ali mnyamata ankatsatira gulu la Mott the Hoople mzinda ndi mzinda, ndipo mwa onse ndiye ankadziwa kusanja nyimbo: pamene kolasi ilowere, pamene mawu achiwiri ayankhire, pamene gitala ikhale chete. Paul Simonon, wa msinkhu womwewo, anakulira ku Brixton ndi ku Ladbroke Grove, madera amene munali mabanja ambiri ochokera ku Jamaica ndi zilumba zina za Caribbean, ndipo ankaphunzira zojambulajambula. Jones anakopeka ndi maonekedwe ake, osati luso, chifukwa luso panalibe. Anayesa kumuphunzitsa gitala ya zingwe 6 koma zinakanika, ndiye anamupatsa besi. Simonon analemba zilembo za manotsi pakhosi pa gitalayo kuti aziona pogwira, ndipo ankadziphunzitsa potsatira malekodi a reggae chifukwa m'menemo besi imamveka poyera. Manijala wawo, Bernie Rhodes, mnzake wakale wa Malcolm McLaren wa Sex Pistols, ndiye anakanyengerera Strummer kuti asiye gulu lake, n'kuwauza anyamatawo kuti asiye nyimbo zachikondi, alembe za zimene zikuwachitikira. Zolemba zinalipo zambiri, chifukwa chaka chimenecho anthu oposa miliyoni imodzi ku Britain anali pa ulova ndipo boma linafika pokapempha ngongole ku IMF. Anayimba koyamba pa 4 Julayi 1976 ku Black Swan mumzinda wa Sheffield, Terry Chimes ali pang'oma, ndi woyimba gitala wina, Keith Levene, yemwe anachoka patangotha miyezi iwiri.

Wachinayi anafika mochedwa, ndipo ndiye amene mbiri yotchuka ya punk imavutika kumuika pamalo. Nicky Headon, yemwe aliyense ankamutcha Topper, anakulira ku Dover ndipo analowa m'gululi mu 1977 Chimes atachoka. Iye sanali mnyamata wokwiya wosadziwa kuyimba. Anali wang'oma wophunzira bwino, wokulira pa jazi ndi soul, ndipo anavomera poyera pambuyo pake kuti cholinga chake chinali kukhalamo kanthawi, apange dzina, kenako akapeze gulu labwino. Kufika kwake kunasintha zimene gulu likanatha kuchita. Strummer akafuna rockabilly, Simonon akafuna reggae, Jones akafuna funk, panali munthu kumbuyo wotha kuzinyamula zonse osapunthwa. Popanda iye zilakolako za atatu enawo zikanathera m'kamwa.

Ngakhale chimbale chawo choyamba, chomwe anajambula Headon asanafike, chikusonyeza kuti punk yosasakaniza sinakhalepo m'gululi. Chinatuluka mu Epulo 1977, anachijambula kumapeto a sabata katatu ndi ndalama pafupifupi mapaundi 4,000, ndipo chinafika pa nambala 12 ku Britain. Nyimbo zake zambiri ndi zazifupi, zothamanga, zonena za ulova, apolisi ndi kusungulumwa kwa m'tauni. Ya "White Riot" inachokera pa zipolowe za pa chikondwerero cha Notting Hill pa 30 Ogasiti 1976, pamene Strummer ndi Simonon anaona achinyamata akuda akulimbana ndi apolisi, n'kufunsa chifukwa chimene achinyamata achizungu osauka sankaukira zowavuta zawo. Koma pakati pa chimbale chomwecho pali nyimbo ya mphindi pafupifupi 6, yoyenda pang'onopang'ono: "Police & Thieves", yomwe Junior Murvin anajambula ku Jamaica chaka cham'mbuyo mwake ndi Lee "Scratch" Perry. Magulu anzawo a punk sankayerekeza n'komwe zotere. Mu Juni 1978 anatulutsa "White Man in Hammersmith Palais", nyimbo yawoyawo yoyenda pa kamvekedwe ka reggae, ndipo kuyambira pamenepo njira yawo inapatukana ndi ya Sex Pistols, gulu lomwe pofika nthawiyo linali litatha kale, litasiya chimbale chimodzi chokha cha m'situdiyo.

Pali mlandu umene unayamba kuwatsatira kuyambira pachiyambi, woti anagulitsa mzimu wa punk. Mu Januwale 1977 anasayina mgwirizano ndi kampani yaikulu ya CBS pa mapaundi 100,000, ndipo Mark Perry, mkonzi wa kamagazini ka Sniffin' Glue, analengeza kuti tsiku limenelo ndi limene punk inafa. Mlanduwu uli ndi mfundo, chifukwa mgwirizanowo unawamanga zedi. Kampani inatulutsa nyimbo ya "Remote Control" payokha popanda kuwafunsa, ndipo nthambi yake ya ku America inakana kutulutsa chimbale choyamba ponena kuti sichikumveka bwino, mpaka pamene makope oitanitsa kuchokera ku Britain anagulidwa pafupifupi 100,000. Komabe munthu akayang'ana zimene anachita ali m'kati mwa mgwirizanowo, mlanduwo umachepa mphamvu. Anayankha kampaniyo ndi nyimbo yoidzudzula, "Complete Control", n'kuiuza kuti iitulutse yokha. Anakana kuonekera pa pulogalamu ya Top of the Pops chifukwa kumeneko oyimba ankangoyendetsa milomo. Ndipo kawiri konse anakakamira kuti zimbale zazitali zigulitsidwe motchipa, kachiwiriko akudziluzitsa okha ndalama. Amene amafuna kuti akanakhala pa kakampani kakang'ono amafuna gulu loyera m'manja, koma gulu lotero silikanafika ku New York kumene linakamva nyimbo zimene zinadzalisintha.

Mlandu wachiwiri ndi wolemera kuposa woyambawo. Awa anali anyamata achizungu a m'dziko lomwe linalamulira Jamaica mpaka 1962, akutenga nyimbo za anthu akuda osauka n'kupangira dzina. Funsoli siliyenera kukankhidwira pambali, pakuti n'zoona kuti The Clash inafika m'mabwalo aakulu amene Junior Murvin sanawalote. Chimene chikuwasiyanitsa ndi obwereka ena n'chakuti sankadziyesa eni ake a zimene anabwerekazo. Strummer ndi Jones atapita ku Kingston kumapeto kwa 1977 kukalemba nyimbo, anabwerako ndi "Safe European Home", yomwe ikuvomera kuti kumeneko anali alendo amantha. Nyimbo ya Hammersmith Palais nayo ikuseka mzungu wopita kuchisangalalo cha reggae akuyembekezera uthenga woukira boma, n'kukapeza anthu akungosangalala. Eni nyimbowo sanawathawe: Lee Perry ndiye anajambula "Complete Control", Bob Marley anawatchula dzina mu "Punky Reggae Party", ndipo Mikey Dread anayenda nawo m'maulendo n'kuwajambulira "Bankrobber" mu 1980. Pa 30 Epulo 1978, nthawi imene chipani cha tsankho cha National Front chinkakula mphamvu, anayimba ku Victoria Park pamaso pa anthu masauzande ambiri pa msonkhano wa Rock Against Racism. Izi sizithetsa funso la amene anapindula kwambiri, koma zikusonyeza kuti reggae sinali chovala chimene anavala tsiku limodzi. Kwa Simonon inali nyimbo ya m'misewu imene anakuliramo.

Pamene kukokana kwa anayiwa kunabala chipatso chokoma koposa ndi mu 1979. Chimbale chachiwiri, Give 'Em Enough Rope, chinali chitafika pa nambala 2 ku Britain, koma chinajambulidwa mosalala kwambiri ndi Sandy Pearlman wa ku America. Rhodes anali atachotsedwa, ndalama zinali zochepa, ndipo anayiwo anadzitsekera m'chipinda choyeserera cha Vanilla ku Pimlico, kumene masana ankasewera mpira pabwalo lapafupi kenako n'kubwerera ku zida. Pojambula ku Wessex Studios anasankha Guy Stevens, munthu woledzera yemwe kampani inkamuopa, amene ankaponya mipando m'situdiyo ndipo nthawi ina anathira vinyo m'piyano pofuna kudzutsa mitima ya oyimba. Zotsatira zake ndi London Calling, chimbale cha malekodi awiri ndi nyimbo 19, chomwe chinatuluka mu Disembala 1979. Ukamvera mosamala umamva dzanja la aliyense. Simonon, yemwe zaka zitatu m'mbuyomo ankawerenga zilembo pakhosi pa besi, analemba ndi kuyimba yekha "The Guns of Brixton". Jones anabweretsa "Train in Vain", nyimbo yachikondi yeniyeni ya mtundu womwe Rhodes ankaletsa, ndipo ndiyo inawalowetsa koyamba m'gulu la nyimbo 30 zotchuka ku America. "Lost in the Supermarket" analemba mawu ndi Strummer akuganizira ubwana wa mnzake, n'kumupatsa Jones kuti ayimbe. Ngakhale chikuto chikunena zomwezo: chithunzi cha Pennie Smith chosonyeza Simonon akuphwanya besi ku Palladium ku New York, koma zilembo zake zotsanzira chimbale choyamba cha Elvis Presley, munthu yemwe punk ya 1977 inkati yathana naye.

Wina anganene kuti njira yomweyi ndiyo inawasocheretsa, ndipo umboni wake ndi Sandinista! ya mu Disembala 1980. Ichi ndi chimbale cha malekodi atatu, nyimbo 36, chotchedwa dzina la gulu lomwe linagwetsa ulamuliro wa Somoza ku Nicaragua mu 1979. Muli dub, gospel, calypso, jazi, ana akuyimba, ndi "The Magnificent Seven", imodzi mwa nyimbo zoyambirira za gulu la rock kutengera rap yomwe Jones anaimva m'misewu ya New York. Kuti chigulitsidwe motchipa anavomera kusalandira gawo lawo pa makope 200,000 oyambirira ku Britain. N'zoona kuti chimbalechi n'chachitali mopitirira muyeso, ndipo mbali yake yomaliza ndi ochepa amene amaimvera kawiri. Koma vuto lake silinali kusakaniza. Vuto linali loti panalibe wokana. Chilichonse chimene wina anabweretsa chinalowa. Kukokana kumathandiza pamene pali wokoka mbali inayo, ndipo pa chimbalechi onse anayi anasiya chingwe. Chaka chotsatira, pamene anayimba maulendo 17 ku Bond's International Casino ku Times Square, anaitana Grandmaster Flash and the Furious Five kuti atsegule chisangalalo, ndipo ena mwa otsatira awo anawakuwiza oyimba akudawo n'kuwagenda ndi zinyalala. Gulu linali litapita patsogolo kuposa anthu ake.

Kuyambira apa kukokana kunasanduka chidani. Rhodes anabwerera mu 1981 Strummer atakakamira, ndipo Jones sanasangalale. Pa chimbale chotsatira Jones anasakaniza nyimbo zazitali zokwana malekodi awiri. Strummer ndi Rhodes anazikana n'kupereka matepi kwa Glyn Johns, yemwe anazidula kufika pa lekodi imodzi. Combat Rock inatuluka mu Meyi 1982 n'kukhala chimbale chawo chogulidwa kwambiri, nambala 2 ku Britain ndi nambala 7 ku America. Mwezi womwewo Headon anachotsedwa chifukwa cha heroin. Nyimbo yomwe inawakweza pamwamba ku America, "Rock the Casbah", inali yake: analowa yekha m'situdiyo ku New York anzake asanafike, n'kujambula ng'oma, piyano ndi besi, Strummer n'kudzawonjezera mawu. Pamene inkafika pa nambala 8, munthu amene ankaoneka pang'oma mu kanema wake anali Terry Chimes, yemwe anamuitanitsanso mwadzidzidzi.

Apa ndi pamene mfundo ya nkhaniyi imakumana ndi chitsutso chovuta kwambiri, chifukwa Headon sanachotsedwe pa nkhani ya chamba cha nyimbo. Anali wodwala, ankawononga ndalama zambiri pa mankhwala osokoneza bongo, ndipo gulu lomwe linkadzudzula heroin m'nyimbo zake linali ndi manyazi omveka. Iye mwini sanabise kuti khalidwe lake linafika posapiririka, ndipo atachoka anapitirira kumira mpaka kukalowa m'ndende, asanachire patapita zaka zambiri. Palibe anganene motsimikiza kuti akanamusunga zinthu zikanayenda. Koma chifukwa chochotsera munthu ndi china, ndipo mtengo wa kumuchotsako ndi china. Chimes anali wang'oma wabwino, wolunjika, ndipo anawanyamula pa ulendo umene anayimba ndi The Who ku Shea Stadium mu Okutobala 1982, koma kuyambira pamene Headon anachoka, Strummer, Jones ndi Simonon sanatulutsenso nyimbo yatsopano ya m'situdiyo limodzi m'dzina la The Clash. Strummer mwiniwake ananena kangapo m'zaka zake zomaliza kuti gulu linayamba kutha tsiku limene anachotsa Topper.

Za Jones zilibe chowiringula chotero. Ankachedwa ku zoyeserera, sankafuna maulendo ataliatali, ndipo mtima wake unali pa hip hop ndi makina atsopano opangira nyimbo. Anayimba nawo komaliza ku US Festival ku California mu Meyi 1983, ndipo mu Seputembala chikalata chinatuluka chonena kuti wachotsedwa chifukwa wapatuka pa cholinga choyambirira cha gululi. Mawu amenewo ndi ofunika kuwaona bwino, chifukwa akusonyeza kuti Strummer ndi Rhodes anali atakhulupirira nthano ija yoti panali The Clash yoyera ya 1977 yoti n'kubwererako. Analemba anyamata awiri oyimba gitala, Nick Sheppard ndi Vince White, kuwonjezera pa wang'oma Pete Howard, n'kuyamba kulalikira za kubwerera ku maziko. Mu Meyi 1985 anayenda m'mizinda ya kumpoto kwa England ndi ku Scotland akuyimba m'misewu ndi magitala wamba, chinthu chokongola chomwe anthu amakumbukirabe. Koma kuchotsa wopeka nyimbo ndi wang'oma kunali ngati kuzula mafuwa awiri n'kuyembekeza kuti mphika ukhalabe pamoto.

Chimbale chimene chinatuluka mu Novembala 1985, Cut the Crap, ndi umboni wowawa. Anachijambula ku Munich, ndipo popeza Jones kunalibe, amene anatenga mpando wosanja nyimbo anali manijala Rhodes, yemwe anadzilembanso ngati wopeka mnzake wa Strummer. Chimbale cholonjeza punk yamoyo chinadzaza ndi ng'oma za makina pamene Howard anali pomwepo, ndi makolasi ofuula ngati a ochemerera mpira. Kupatula "This Is England", nyimbo zake zinaiwalika msanga. Strummer anathawira ku Spain chisanatuluke n'komwe, ndipo pofika kumayambiriro kwa 1986 gulu linali litatha. Chochititsa chidwi n'chakuti chaka chomwecho cha 1985 Jones, munthu yemwe ankati wapatuka, anatulutsa chimbale choyamba cha gulu lake latsopano la Big Audio Dynamite, lomwe anayambitsa ndi Don Letts, ndipo kusakaniza kwake kwa rock, reggae ndi hip hop kunamveka ngati kupitiriza kwa The Clash kuposa chimbale chokhala ndi dzinalo.

Angatsale wina wonena kuti gulu lililonse limatha, ndipo anthu anayi amene akhala zaka zisanu m'basi imodzi popanda tchuti akanapatukana ndithu. Kutopa kunalipo, ndipo mamembala ake anavomera kuti akanapuma chaka chimodzi mwina zikanakhala zina. Koma kutopa sikufotokoza chifukwa chimene luso linachokera limodzi ndi anthu awiri aja, n'kubwerera pamene otsalawo anawayandikiranso. Strummer anapita yekha kwa Jones kukapepesa, ndipo mu 1986 awiriwo analembera limodzi nyimbo zambiri za No. 10, Upping St., chimbale chachiwiri cha Big Audio Dynamite. Nyimbo yokhayo ya The Clash yomwe inafika pa nambala 1 ku Britain ndi ya Jones, "Should I Stay or Should I Go", mu 1991 itagwiritsidwa ntchito potsatsa majini a Levi's. Strummer naye, pamene anapezanso mawu ake ndi gulu la The Mescaleros kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, sanabwerere ku 1977. Anatembenukira ku nyimbo za ku Africa, Latin America ndi Asia, zomwe ankaulutsanso pa pulogalamu yake ya pa BBC World Service. Mu Novembala 2002 Jones anakwera pansanja ku Acton Town Hall n'kuyimba naye pa chisangalalo chothandiza ozimitsa moto omwe anali pa sitalaka, ndipo pa 22 Disembala chaka chomwecho Strummer anamwalira ndi vuto la mtima ali ndi zaka 50, miyezi itatu gulu lisanalowetsedwe mu Rock and Roll Hall of Fame. Mu 2013 otsalawo anasonkhanitsa ntchito ya gululi m'bokosi lotchedwa Sound System, lomwe Jones anayang'anira kukonzanso kamvekedwe kake ndipo Simonon anajambula maonekedwe ake. Anaikamo zimbale zisanu zoyambirira. Cut the Crap anaisiya kunja.